Mankhwala a Rozina anali m'thumba mwanga

Mkazi wanga Rozina anamwalira ndi mphumu Lachiwiri masana, mwezi wa Juni chaka chatha, mankhwala ake ali m'thumba la jekete yanga, ine ndili pamsika wa Linthipe kugulitsa mbatatesi. Zinanditengera miyezi khumi ndi umodzi kuti mawu amenewa atuluke pakamwa panga. Ndayamba nawo chifukwa ndi mmene anandiphunzitsira ku ntchito: chachikulu chikhale pamwamba, zina zonse zitsatire.

Dzina langa ndi Damiano. Ambiri amangoti a Mtolankhani, chifukwa ndinalembapo nkhani ku Lilongwe zaka zisanu ndi zinayi, nyuzipepala yathu isanatsekedwe. Kwathu ndi ku Bembeke, koma ndili pa chikamwini kwawo kwa Rozina, m'mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Tili ndi ana awiri aakazi, Tadala wa zaka khumi ndi zinayi ndi Mwayi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mayi Nachisale, amene amatsogolera gulu lathu la ofedwa, andipempha kuti ndiyankhule kwa inu a kuno ku Kasina amene mwayamba kumene kukumana. Ndikuona nkhope zina zofanana ndi yomwe ndinali nayo ine. Sindinabwere kudzakutonthozani. Ndingokuuzani zomwe zinachitika, mmene zinatsatanirana.

Rozina anali ndi mphumu kuyambira ali mwana. Inkamuvuta kwambiri m'Juni ndi m'Julaye, nkhungu ikatsika m'phiri n'kukhala m'mudzi mpaka dzuwa litakwera. Ankadalira kabotolo kabuluu kopopera mankhwala m'kamwa. Kakale kanatha kumathero a sabata. Lolemba ndinapalasa njinga kupita ku boma, ndinakagula katsopano. Nditafika madzulo ndinamupeza akutsuka mbale, ndinamuuza kuti ndabweretsa. Anati manja ndi onyowa, ndiike pawindo. Ndinavomera. Nthawi yomweyo mnzanga wina anandiitana panja za matumba a mbatatesi, ndinatuluka, ndipo pawindo sindinafikepo.

Lachiwiri m'mawa ndinavala jekete lomwelo, ndinamanga matumba awiri pa njinga, ulendo wa kumsika. Pofika leveni koloko mbatatesi zinali zitatha. Ndikanabwerera nthawi imeneyo. Ndinasiya foni pa sitolo kuti aitchaje, ndinakhala pa bawo, tikukangana za feteleza. Wa kabaza wa m'mudzi mwathu anandipeza cha m'ma thuu. Anangoti ndifulumire, kunyumba sikuli bwino. Pa chitunda china ndinatsika kuti ndikankhe njinga, ndinapisa m'thumba kufuna mpango wopukutira thukuta, ndipo dzanja linagwira kabokosi ka mankhwala aja. Ndinaima pomwepo. Kenako ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu, n'kupitiriza kukankha njinga.

Rozina anali atamwalira cha m'ma wani, pa ngolo ya oyandikana nawo, asanafike pa msewu waukulu. Amene anali naye pakhomo pamene zinkayamba anali Tadala.

M'mudzi mwathu ine ndi amene ndimalemba ndi kuwerenga mbiri ya malemu pa maliro. Ndi ntchito yomwe inandipeza yokha, poti ndimadziwa kufunsa ndi kusanja mawu. Akuluakulu ananena kuti pa maliro a mkazi wanga awerenge wina, koma ndinakana. Ndinalemba pa pepala la m'kope ya sukulu: kumene anabadwira, kumene anabatizidwa, chaka chomwe tinamanga ukwati, ana omwe wasiya. Pa za imfa ndinalemba mawu atatu, akuti "anadwala mwadzidzidzi, namwalira." Ndinawerenga nditaimirira, mawu osanjenjemera, maso ouma. Anthu anayamikira. Amayi ena anauza amuna awo kuti aziona mmene mwamuna amalimbira mtima. Zaka zonse zomwe ndinalemba nkhani sindinachotsepo mfundo yaikulu mwadala. Tsiku limenelo ndinachotsa, pamaso pa anthu odzaza bwalo, ndipo anandiombera m'manja.

Tinameta. Zovala za Rozina zinachapidwa n'kugawidwa kwa abale ake. Jekete linali langa, choncho palibe analikhudza.

Mwambo mukuudziwa. Mkazi akamwalira, akuchikazi amakhala pansi n'kumusudzula mkamwini, kumumasula kuti abwerere kwawo. Ana ndi munda zimatsala ku mbumba. Mwini mbumba kwathu ndi alamu anga a Sitefano, mchimwene wake wa Rozina. Iwo anati palibe chofulumirira, ndikhale ndilere ana, za kusudzula tidzakambirana tikadzamanga chiliza pamanda. Anandichitira zabwino kuposa zomwe ndinkayenera, ndipo zimenezo zinandiwawa kwambiri.

Kachasu ndinamuyamba m'Julaye. Poyamba kanali kakapu kamodzi madzulo kuti tulo tibwere. Pofika Ogasiti ndinkamwa masana, pofika Seputembala ndinkamwa ndisanasambe kumaso. Dimba linauma. Mbewu ya mbatatesi yomwe Rozina anasankha ndi manja ake ndinaisinthanitsa ndi mabotolo, ndowa imodzi imodzi mpaka inatha. Ku Misa ndinasiya. Ku mphakati ndinasiya. Kuphika, kutunga madzi, kusambitsa Mwayi, zonse zinagwera Tadala, ndipo sukulu ankajomba masiku awiri kapena atatu pa sabata. Mwanayo anasiya kuyankhula. Ankasesa m'nyumba katatu pa tsiku. Kangapo ndinamuona pa dzala kuseri kwa nyumba, akutakasa zinyalala ndi kamtengo. Ndinaganiza kuti wataya supuni. Sindinamufunse. Sungani mfundo imeneyi, tibwereranso.

Jekete sindinalivule. Ndinkalima nalo masiku omwe ndinkalima, ndinkagona nalo. M'miyezi yozizira palibe anadabwa, Dedza ndi Dedza. Koma m'Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali m'malaya opepuka, ine ndinali m'jekete. Anzanga a ku mowa ankaseka kuti kwa a Mtolankhani Juni sanathe. Ndinkaseka nawo.

Pansi penipeni ndinafika m'Febuluwale. M'mudzi woyandikana nafe munamwalira mtsikana wina, Esinta, yemwe anasiya khanda. Abale ake anandipempha kuti ndiwerenge mbiri, poti mwambo unali womwewo ndipo sankadziwa pomwe ndafika. Chifukwa cha mvula anafupikitsa za kunyumba, nati mbiri iwerengedwe kumanda. Ine ndinali nditamwa kuyambira m'mawa. Dzina ndinatchula lolondola. Kenako pepala linanyowa, zilembo zinasakanikirana, ndipo pakamwa panga panayamba kutuluka zomwe ndinkadziwa pamtima: Rozina anabadwira kwakuti, anabatizidwa kwakuti, wasiya ana awiri aakazi. Amayi a kwaya anasiya kung'ung'udza nyimbo. Mayi wake wa Esinta anafunsa mokweza kuti akuika ndani kodi pano. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinaponda dothi lonyowa, ndinaterereka, n'kugwera m'dzenje pamwamba pa bokosi la mwana wa eni ake.

Adzukulu ananditulutsa pondikoka m'khwapa. Mkulu wawo, a Lufeyo, bambo wamfupi wa imvi, anandiimika, nandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mkamwini, ngati mwafulumira nenani," anatero. "Makasu sitinatsuke."

Palibe anaseka. Mbuzi yokapepesera inachokera m'khola la alamu. Mawa lake m'mawa alamuwo anabwera, namanga zovala za ana m'nsalu, n'kuwatenga kupita nawo kwawo. Nyumba yawo ndi yathu zatalikirana mapazi makumi asanu ndi limodzi, ndinawerengapo. Anaima pakhomo osakhala pansi.

"Alamu, chiliza timanga chilimwe chikubwerachi. Tikatero tikusudzulani. Ana a mlongo wanga sangaleredwe ndi botolo."

Mwayi ankalira. Tadala ananyamula mtolo pamutu osacheuka.

Mayi Nachisale anandipeza m'Malichi. Ndi mphunzitsi wopuma, anataya amuna awo ndi mwana wawo wamwamuna m'chaka chimodzi, ndipo pambuyo pake anaphunzirako za uphungu kudzera ku mpingo. Ndinkayembekeza ulaliki. Iwo anakhala pa khonde, nayang'ana udzu womwe unafika pakhomo, n'kundifotokozera za gulu ngati akupereka uthenga wa msonkhano wa feteleza. Amakumana Lachinayi thuu koloko, osati ku tchalitchi koma pakhomo pa mmodzi wa iwo, mosinthana. Akafika amagwira ntchito yomwe ikanagwiridwa ndi malemu wa pakhomopo: kupalira, kufolera, kutong'ola chimanga. Amayankhula manja akugwira ntchito, chifukwa anthu ambiri, makamaka abambo, sangathe kunena za mumtima wina akuwayang'ana m'maso. Mawu akuti "limbani mtima" ndi oletsedwa. Wakufa amatchulidwa ndi dzina lake, osati kungoti malemu. Zonenedwa pa mphasa zimatsala pa mphasa. Wobwera ataledzera samubweza, koma tsiku limenelo amangomvera.

Ndinakana kawiri. Kachitatu anati sakundiitananso, akungondidziwitsa kuti Lachinayi ndi pakhomo panga, ndikhalepo kapena ndisakhalepo. Munda wa chimanga womwe Tadala anabzala yekha unkafunika manja.

Anabwera anthu asanu ndi anayi, akazi asanu ndi mmodzi ndi amuna atatu. Mmodzi wa amunawo anali a Lufeyo. Ndinafuna kulowa m'nyumba, koma anandiponyera khasu, nati lero dzenje kulibe, ndisaope. Ndinadabwa kuwaona, poti iwo ndi a gule, ku tchalitchi salowa. Mayi Nachisale anangoti imfa siifunsa khadi la ubatizo. Tili m'mizere, a Lufeyo anafotokoza za mwana wawo Yohane, amene anagundidwa ndi galimoto pa njinga ya kabaza yomwe iwo anamugulira. Anati akumba manda osawerengeka, koma pa mwana wawo mwambo unawaletsa kugwira khasu, anakhala tsiku lonse manja ali pa mawondo, akumva anzawo akukumba. Anati kuyambira tsiku limenelo manja awo sadziwa kukhala. Ananena zonsezi akuyang'ana pansi, akuzula udzu.

Ndinapita ku misonkhano isanu ndi iwiri osatsegula pakamwa. Itatu mwa imeneyo ndinali nditamwa. Ndinkamvera ngati mtolankhani pa bwalo la milandu, ndikusunga za anzanga m'mutu, zanga ayi. Koma ndinaona chinthu chimodzi: pafupifupi aliyense anali ndi "ndikanati" wake. Ndikanamutengera kuchipatala dzulo lake. Ndikanamuletsa ulendo. Ndikanapanda kumukalipira m'mawa uja. Ine ndinkaganiza kuti ndine ndekha m'boma lonse la Dedza.

Lachinayi lomaliza la Meyi linabwereranso pakhomo panga. Chimanga chinali chitakololedwa, chochepa, ndipo tinayala mphasa pabwalo kuti titong'ole. Sabata yapitayo Mayi Nachisale anali atanena kuti aliyense abweretse chinthu cha wakufa wake. Wina anabweretsa korona, wina mpeni wosemera, a Lufeyo belu la njinga lopindika. Ine ndinali ndisanamwe tsiku limenelo, chimanga chikungondipulumuka m'manja. Itafika nthawi yanga ndinati ndilibe kanthu, za Rozina zonse zinagawidwa.

Mayi Nachisale sanadzutse mutu. Anatsiriza chitsononkho chomwe chinali m'manja, nachiponya pa mulu.

"A Damiano, ndinakuonani m'Okutobala muli m'jekete. Ndakuonani milungu yonseyi. Tikatchula dzina la Rozina dzanja lanu limapita pa thumba lakumanzere. Simukakamizidwa. Koma chili m'menemo n'chiyani?"

Ndikukumbukira phokoso la chimanga chikugwera m'lichero. Ndikukumbukira kuti nkhuku inadutsa pa mphasa ndipo palibe anaiingitsa. Ndinapisa, ndinatulutsa kabokosi, ndinakaika pakati pa chimanga. Kanali kosatsegula. Pepala lake linali litafewa ndi thukuta, zilembo zitafufutika. Ndiye ndinanena mawu omwe ndayamba nawo lero, ndi zonse zotsatira: mbale zonyowa, windo, bawo, chitunda.

Ndinkayembekeza chimodzi mwa ziwiri, kuti anditukwane kapena andiuze kuti si mlandu wanga. Palibe anachita chilichonse mwa izi. A Lufeyo anapitiriza kutong'ola. Mayi wina analira mwakachetechete. Kenako Mayi Nachisale anayamba kundifunsa mafunso aafupi, onga omwe ine ndinkafunsa anthu kale.

"Rozina ankadziwa kuti kali kuti?"

"Pawindo."

"Zitayamba, anatuma ndani kukatenga?"

"Tadala."

"Amasesa m'nyumba m'mawa ndani?"

"Tadala."

"Nanga mwanayo akuganiza kuti kanapita kuti?"

Abale anga, ndagwerapo m'dzenje la manda anthu akuona. Kugwa kumeneko kunali kochepa. Ndinatembenuka kuyang'ana kuseri kwa nyumba, kumene kuli dzala. Ndinaona kamtengo kaja. Miyezi khumi ndi umodzi ndinkaganiza kuti ndikudzilanga ndekha, kuti kukhala chete ndi kumwa ndiwo malipiro anga. Nthawi yonseyo mlandu wanga unali pamutu pa mwana wa zaka khumi ndi zitatu, amene ankakhulupirira kuti anasesera mankhwala a mayi ake ku zinyalala. Ndinamuona akufunafuna. Ndinadutsa, kabotolo kali m'thumba, ndikupita ku mowa.

Ndinaimirira kuti ndithamangire kwa alamu nthawi yomweyo. A Lufeyo anandigwira mwendo wa buluku, nati ndikhale pansi. Mayi Nachisale anati mwanayo wadikira chaka, atha kudikira masiku ochepa, koma sayenera kumva nkhani imeneyi kwa munthu wonunkha kachasu, ndipo sayenera kuimva ali yekha. Apo ndi pomwe ndinalira. Maliro a mkazi wanga ndinawalira pa mphasa ya chimanga, patatha miyezi khumi ndi umodzi.

Zotsatirazi ndizinena mwatsatanetsatane, chifukwa ndi zomwe zingakuthandizeni.

Mawa lake Mayi Nachisale anandiperekeza kuchipatala. Anati munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi sangosiya payekha m'nyumba, thupi likhoza kumupandukira. Dokotala anandiona, anandipatsa mankhwala, nandiuza zoyenera kuyembekeza: kunjenjemera, thukuta, kusanza. Zonse zinabwera. A Lufeyo ankafika m'mawa ndi chikho cha thobwa, n'kukhala pa khonde langa tsiku lonse akuluka dengu. Ankati akulondera kasitomala wawo kuti asabwere nthawi isanakwane.

Kuchipatalako ndinafunsanso funso lomwe ndinkaliopa. Ndinaika kabokosi pa tebulo, ndinafunsa dokotala ngati Rozina akanakhala moyo kakanakhala pawindo. Anali munthu woona. Anati mwina akanapulumuka, chifukwa nthawi zambiri mankhwalawa amatsegula chifuwa, koma mwinanso ayi, poti mphumu ina imabwera ndi mphamvu yoposa kabotolo. Anati sanganditsimikizire mbali iliyonse ndipo sandinamiza. Ndinkafuna "ayi" kuti ndimasuke, kapena "inde" kuti ndidziwe chilango changa. Ndinapatsidwa "mwina", ndipo ndi yemwe ndidzakhale naye mpaka imfa. Ena mwa inu mudzapatsidwa yemweyo. Amanyamulika, koma osati ndi munthu mmodzi.

Lamulungu la sabata yotsatira, titaweruka ku Misa, tinakhala pa khonde la alamu. Tinalipo anayi: alamu, Tadala, Mayi Nachisale ndi ine. Mwayi anamutumiza kukasewera. Ndinanena zonse popanda kukometsa, ndipo ndinamaliza ndi kuuza Tadala kuti sanasese kanthu, pawindo panalibe chilichonse. Ndinaika kabokosi patsogolo pake.

Anakanyamula, nakatembenuza mbali zonse.

"Kanali ndi inu tsiku lonse lija?"

Ndinavomera.

"Ndi chaka chonsechi?"

Ndinavomeranso.

"Ndinakumba dzala mpaka pansi, kawiri," anatero, mawu ake osakwera. "Ndinakalapa kwa bambo mfumu kuti ndinataya mankhwala a amayi. Munkandiona, ababa."

Anaimirira ndi kabokosiko, nalowa m'nyumba. Alamu anayang'ana kumapazi kwawo. Kenako anati kuiwala akanandikhululukira pa maliro pomwe, chifukwa palibe munthu wosaiwala. Chimene sankadziwa chochita nacho n'chakuti ndinasiya mwana anyamule mtembo wa mayi ake chaka chathunthu.

Musaganize kuti kunena zoona kumakonza zinthu tsiku lomwelo. Tadala sanandiyankhule milungu isanu ndi umodzi. Tikakumana pa mjigo ankatembenuka. Tsiku lomwe Rozina anakwanitsa chaka chimwalirire ndinamwanso, masana onse. Lachinayi lake ndinakanena pa mphasa ndekha wina asanandinenere. Palibe anandiyamikira, palibe anandithamangitsa. Mayi Nachisale anangoti masiku otere amadziwika pasadakhale, tsiku la imfa, Khirisimasi, tsiku lomwe malemu anabadwa, ndipo munthu asamawakumane ali yekha. Tsopano aliyense m'gulu anatchula masiku ake, ndipo likafika lake, awiri amakamuchezera kuyambira m'mawa. Kuchokera pamenepo sindinamwenso. Ndi miyezi itatu. Sindikunena kuti ndachira. Njira yodutsa kumene ndinkamwera ndinaisiya, ndimazungulira ya m'mphepete mwa nkhalango, yomwe ndi yotalikirapo ndi mphindi makumi awiri.

Tadala amakumana ndi Mayi Nachisale Loweruka lililonse, pamodzi ndi ana ena anayi ofedwa makolo. Zomwe amakambirana sindizidziwa ndipo sindifunsa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti teremu ino sanajombe. Ngati muli ndi ana pakhomo, ichi chokha mupite nacho: ife akulu timati mwana sadziwa kanthu, timamutuma madzi ndi nkhuni pa maliro, osamufunsa zomwe anaona. Amadziwa. Ndipo pomwe sitinamufotokozere, amadzifotokozera yekha, nthawi zambiri modziimba mlandu. Mufunseni. Mukamuona akuchita chachilendo, musadutse ngati mmene ndinadutsira ine.

Ndinapitanso kwa mayi wake wa Esinta. Ndinawafunsa za mwana wawo kuyambira pachiyambi, ndinalemba mbiri yake bwinobwino, ndinakawawerengera pakhomo pawo. Anamvera mpaka pamapeto, natenga pepalalo, n'kulipinda m'nsalu. Sananene kuti andikhululukira. Anandipatsa madzi akumwa.

Dimba ndalitsegulanso. Mbewu anandigawira a m'gulu, aliyense pang'ono. Jekete ndinalichapa ndekha, madzi ake anatuluka akuda katatu, ndipo lili pa msomali kuseri kwa chitseko.

M'Ogasiti, tsiku lina ndikuchokera kothirira, ndinapeza chitseko chotsegula ndipo m'nyumba mosesedwa. Pawindo panali kabokosi kaja, kataikidwa pakati penipeni, pomwe Rozina ananena kuti ndiike. Ndinakhala pansi ndikukayang'ana. Sindikudziwa ngati mwanayo ankandikhululukira kapena ankandikumbutsa. Ndinafunsa Mayi Nachisale, anati mwina ndi zonse ziwiri, ndisakachotsepo. Sindinakachotse. Masiku ano Tadala amandipatsa moni. Mlungu wathawu anandifunsa ngati ndadya. Kupitirira apo sitinafike.

Chiliza cha Rozina chatha kumangidwa. Bambo mfumu adzachidalitsa Loweruka lino m'mawa. Ndapempha alamu kuti andilole kuwerenganso mbiri pamanda, ndipo avomera atandiuza kuti adzandinunkhiza kaye m'kamwa. Ndalemba pa pepala latsopano. Zonse ndi zomwe ndinawerenga chaka chatha, kupatula pomwe panali mawu atatu aja. Tsopano pali chiganizo chomwe mwamva poyamba, ndi china chonena kuti Tadala anachita zonse zomwe mwana akanatha kuchita. Mudzi wonse udzamva. Ndikudziwa kuti ena adzandiloza chala kwa zaka.

Tikadzachoka kumanda, thuu koloko, akuchikazi adzakhala pansi pa nkhani yosudzula. Alamu sanabweze mawu awo a m'Febuluwale. Angowonjezerapo kuti asanagamule adzaitana ana awiriwo m'nyumba n'kuwafunsa paokha. Za Mwayi ndikuzidziwa. Za Tadala sindikuzidziwa, ndipo sindinamupemphe kanthu, chifukwa wanyamula kale zanga zokwanira. Zovala ndalongedza m'chikwama, chili pafupi ndi chitseko. Mbatatesi ndathirira m'mawa uno, zikhwima pakatha milungu isanu, kaya adzakumba ndani.

Lachinayi lotsatira gulu likumana kwa a Lufeyo, kukafolera khitchini yomwe Yohane anasiya asanamalize. Ndikasudzulidwa, kuchokera ku Bembeke ndi maola atatu pa njinga. Ndawauza kuti andisungire malo pa mphasa, ndidzanyamuka leveni koloko.